Anandijambula Wopanda Mutu

Sendezani kufupi, amayi anzanga, mukhale mbali ino ya kumanja, chifukwa khutu lakumanzereli linatsala kuchipatala. Amene mukutsokomola musabisale kumbuyoko, nkhaniyi ndi yanu. Ine ndine Nandau wa kuno kufupi ndi Kabwazi, mkazi wa malemu a Dzonzi. Sukulu sindinaponde. Akulemba mawuwa ndi aphunzitsi aakazi awa, ndipo ndawauza kuti asawongole kanthu.

Chifuwa chinandiyamba mwezi wa Juni, chaka chachisanu ndi chimodzi chichokereni njala yaikulu ija. Kuno kumapiri Juni aliyense amatsokomola, ndiye ndinati n'chisanu. Ndinafukiza masamba a bulugama, osasintha. Pofika Ogasiti ndinkadzuka mphasa itanyowa ndi thukuta pamene kunja kukuzizira koti madzi mumtsuko kuluma mano. Chakudya chinasiya kukoma. Chibangili chomwe chinkathina padzanja chinayamba kutsetsereka mpaka m'chigongono. Mu Okutobala, ndikugalauza mizere, ndinalavula zofiira. Ndinadzinamiza kuti ndi katondo, poti ine kamtengo kanga kojambulira ndimakanyowetsa ndi malovu.

Ndifotokoze za kamtengoko. Chiyambire utsikana wanga dzanja langa silikhala chete. Anzanga akamazira nyumba amapaka makande m'munsi, katondo pamwamba, basi atha. Ine ndikazira ndimatenga nthenga ya nkhuku ndi kamtengo kotafuna kunsonga, n'kuyamba kujambula nkhanga, ng'ombe, maluwa a dzungu, njinga ya akatekisiti. Kufiira ndi katondo, kuda ndi makala osinja, ndipo dothi loyera ndimakakumba kudambo. Sinali ntchito ayi, mtima unkangofuna. Khirisimasi ikayandikira amayi ankandiitana kuti ndikawakongoletsere makonde, ena n'kumaphunzira pomwepo.

Munthu sindinajambulepo mpaka mwana wanga Yonasi atapita kumigodi ku Joni. Ndinamusowa kwambiri, ndiye ndinamujambula pakhoma, m'mwamba momwe mvula sifika, ndi chipewa chake ndi kampata kake ka m'mano. Patatha zaka zitatu anabwera ataonda, akutsokomola. Ndinamudwazika m'nyumba mwanga miyezi isanu, ndikumudyetsa ndi dzanja langa, ndikuchapa nsanza zomwe ankalavulira. Anamwalira nthawi yokolola, kusiya mkazi ndi ana awiri. Pamaliro pomwepo mlamu wanga a Nadzonzi, mlongo wawo wa amuna anga, ananena anthu akumva kuti mwanayo ndinamutha ndine. Akuti chithunzithunzi chake chinamatirira pakhoma, thupi n'kutsala chikhungwa.

Ndiye nditayamba kulavula magazi, a Nadzonzi anabwera ndi chiguduli ndi mphika wa makande. Anati chithunzicho chadya mwana, tsopano chatembenukira mayi wake, ndipo mankhwala ake n'kuzira khomalo ndi kutaya nthenga zanga kumtsinje. Amuna anga anangoyang'ana pansi. Ine ndinakhala tsonga pakhonde kutsamira khomalo.

"Alamu, nkhope ya mwana wanga kwina kulibe m'dziko muno. Mukafuna kuzira, muyambe mwazira ine."

Anabwerera ndi mphika wawo. Koma kuchipatala sindinapitenso msanga, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwa. Ndinataya miyezi ina iwiri ndikutemedwa mphini pachifuwa ndi kumwa mizu yowawa. Mu Disembala ndinalephera kukwera chitunda cha kumtsinje, mtsuko ndinausiya panjira. Ndinauza amuna anga kuti mawa ndikupita, andiperekeze kapena asandiperekeze. Anandiperekeza. Ulendo wa ku Linthipe ndinapuma kasanu ndi kanayi. Kumeneko, pachipatala chaching'ono, anandimvetsera pamsana, n'kutipatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, ndipo tinakwera lole yonyamula mbatata.

Kuchipatalako tinadikira masiku awiri pakhonde. Anandipatsa kachitini ka chivindikiro kuti ndizilavuliramo m'mawa uliwonse, masiku atatu. Anandikweza pasikelo ngati thumba la nyemba. Kenaka adokotala aang'ono, munthu wakuda ngati ife, wolankhula Chichewa cha kwathu konkuno, anati, "Mayi, mawa tikujambulani."

Amuna anga nkhope inachita phulusa. Anandinong'oneza kuti tathawa chojambula kumudzi n'kudzagwera chojambula china. Koma ine, ndinene zoona, ndinakondwa. Zaka zonsezi ndikujambula ena, wondijambula ine panalibe. M'mawa mwake ndinasamba bwinobwino, ndinabwereka duku latsopano kwa mayi wina, ndinavala mikanda yanga. Ndinkaganiza kuti ndikapeza munthu atakhala pampando ndi pensulo, ndipo ndinkafuna kuona mmene amagwirira, makamaka pofika pamphuno, chifukwa mphuno imandivuta.

M'chipindamo munalibe pensulo. Anandiuza kuti ndivule mikanda ndi kamisolo, ndigunde chifuwa pachitsulo chozizira, ndikoke mpweya, ndiugwire. Kenaka akuti valani, tatha. Ndinawauza kuti munthu sajambulidwa mothamanga chotero, ngakhale nkhuku imatenga nthawi. Anaseka.

Tsiku lotsatira adokotala aja anatiitana tonse awiri, n'kukweza chinthu chakuda pawindo. Akuti ndine ameneyo. Mutu panalibe, manja panalibe, duku lobwereka lija osaoneka. Nthiti zokhazokha, ngati mbuzi yomwe afisi atsiriza. Amuna anga anaimirira n'kutola chipewa.

"A Nandau, taonani, akujambulani mutafa kale. Tiyeni tizipita, mukafere kwanu."

Panthawi imeneyo ndikanangovomera, lero mukanakhala mukundilimira manda. Miyendo inkafuna kuwatsata, poti zaka makumi atatu ndinali ndisanawakanirepo pagulu. Koma maso anali adakali pawindo. Ndinachiyang'ana chithunzicho mmene ndimayang'anira khoma langa ndikamafuna polakwika. Mbali ina inali yakuda bwino, yosalala. Mbali inayo, m'mwamba chakuphewa, panali poyera mbuu, ngati wina wapukutirapo chala cha dothi la kudambo. Ndinaloza n'kuwauza kuti apa mwadetsa, wojambula wanuyo dzanja lake silinali losamba.

"Sitinadetse ife, mayi. Mwaloza matenda enieniwo. Ndi tizilombo tosaoneka, timachoka m'chifuwa cha wodwala kulowa mwa wina popuma. Kunyumba kwanu kunali wotsokomola?"

Ndinawafotokozera za Yonasi ndi migodi. Anagwedeza mutu, akuti ambiri amabwera nacho kumeneko, ndipo wodwazika ndiye amatsatira. Ndinafunsa kuti ndiye si khoma? Sanamve chomwe ndinkanena, ndipo sindinawafotokozere. Ndinangotembenukira amuna anga.

"Mwamva nokha, a Dzonzi. Mwana wanga sindinamuphe. Ine ndikutsala. Pitani mukapalire chimanga."

Adokotala anawapempha kuti nawonso ajambulidwe poti tinkagona nyumba imodzi. Anamanga mabatani a jekete mpaka m'khosi n'kutuluka.

Ndinakhala m'chipatalamo miyezi isanu ndi iwiri. M'mawa uliwonse jakisoni m'thako, lero kumanja, mawa kumanzere, mpaka matako anauma ngati chikumba. Kenaka mapiritsi, ena aang'ono, ena aakulu ngati nzama, osokoneza m'mimba. Lolemba lililonse sikelo. Mabedi athu ankawatulutsa pakhonde kuti tizipuma mpweya wabwino, ndipo lamulo linali kugona, osagwira kanthu. Mwezi wachitatu khutu ili linayamba kulira ngati nyenje, kenaka linangotseka. Anati ndi jakisoni, n'kundichepetsera.

Jakisoni sanali wovuta ngati kukhala chabe. Mayi wozolowera khasu ukamugoneka tsiku lonse, mutu umapita kumunda. Ambiri akangoona kuti thukuta lasiya ndipo nsima yayamba kukoma, ankamanga katundu n'kuthawa. Ena ankabweranso atanyamulidwa pamachira.

Ine ndinapempha makala kukhitchini, n'kumatola mabokosi otha mankhwala. Kufiira ndinakupeza posinja chidutswa cha njerwa. Anamwino aakulu, mayi wamtali wosaseka, anandilanda makala kawiri, akuti ndikudetsa nsalu za boma. Kachitatu ndinawajambula iwowo ataima ndi jakisoni wamkulu ngati munsi. Chipinda chonse chinaseka mpaka kutsokomola. Iwo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti mapazi ndawakulitsa dala. Anachitenga, makala n'kundisiyira.

Pabedi loyandikana nane panali Nabiyeni, mayi wachitsikana wa ku Chimbiya. Mu Malichi anamva kuti mwamuna wake akufunsira mkazi wina, ndipo anandiuza kuti Loweruka athawa akaone ndi maso ake. Sindinamuletse. Ndinangomuuza kuti akhale kaye pomwepo ndimujambule, ana ake adzakhale ndi pomuonera, poti kumene akupitako sachedwa. Anatukwana pang'ono, koma anakhala. Sabata yoyamba ndinajambula mutu wopanda kanthu. Yachiwiri khutu limodzi. Ankandinena kuti agogo inu, mutha ndili ndi imvi, nkhono ikanakhala itamaliza kale. Ndinkamuyankha kuti amene amathamanga ndi aja amajambula anthu opanda mitu. Ankadziwa bwino chomwe ndinkachita. Pofika pakamwa anandilanda khala, akuti pakamwa pake ajambula yekha, ine ndingamunamizire. Anathira madzi m'mbale n'kumadziyang'anamo. Ndi mmene anayambira, ndipo dzanja lake linaposa langa pa nkhani ya mphuno.

Posakhalitsa tinali amayi asanu ndi mmodzi olimbirana mabokosi. Wina ankajambula ng'ombe zake, wina nkhokwe, wina mwana yemwe anamusiya akuyamwa. Lamulungu tinkaimika zithunzizo pakhonde, a m'zipinda zina n'kumabwera kudzaona ndi kudzanyoza. Ena ankakana kujambulidwa, mantha ake omwe aja, ndipo sitinkawakakamiza. Sindikunamizani kuti makala anachiritsa munthu. Mmodzi mwa ife ojambula anamwalira mu Meyi, anabwera mochedwa kwambiri. Wina wokana kujambulidwa anamwaliranso sabata yomweyo. Makala anangotigwira miyendo kuti mankhwala atipeze tili pamalo.

Achipatala anandijambulanso pachifuwa kawiri. Poyera paja panachepa ngati dzira, kenaka ngati nyemba. Chibangili chinabwerera pamalo pake. Mu Julaye ananditulutsa, n'kundiuza kuti mapiritsi ndizikatenga ku Linthipe mwezi ndi mwezi kwa chaka china chathunthu, osadumpha ngakhale ndidzione wamphamvu.

Nditafika pakhomo ndinapeza khoma lonse lili bii. Yonasi kulibe, nkhanga kulibe. A Nadzonzi anabwera akumwetulira, akuti mwaona alamu, tinazira mu Febuluwale, ndipo si uyu mwachira. Amuna anga analowa m'nyumba. Ine sindinalire pamaso pawo. Ndinayesa kumujambulanso mwana wanga katatu. Chipewa chimabwera, kampata ka m'mano kamabwera, koma maso amatuluka a bambo ake. Mpaka lero sanabwerere. Chifuwa chinanditengera khutu, koma ichi anandilanda ndi anthu.

Sabata yotsatira ndinapita kudambo kukakumba dothi loyera. Khoma loyang'ana kunjira ndinalizira bwino, n'kujambulapo a Nadzonzi, aakulu kuyambira pansi mpaka kudenga, manja m'chiuno, kukamwa yasa. Anthu anaunjikana. A Nadzonzi anabwera akuthamanga, akulira kuti ndawapha.

"Alamu, inu mumati chojambula chimadya munthu. Tiyeni tidikire tonse. Mukaonda, ndidzazira ndekha ndipo nthenga ndidzataya. Mukapanda kuonda, dzina la mwana wanga lisadzatulukenso m'kamwa mwanu."

Mudzi wonse unawayang'anira mvula imeneyo ndi inzake. Akayetsemula, nkhani inkafika kumsika. Sanaonde.

Tsopano mumve za aliyense. Mpongozi wanga, mkazi wa Yonasi, ndinamukoka pamodzi ndi adzukulu anga kukajambulitsa. Ana anapezeka bwino. Iye anali ndi poyera pang'ono, anamwa mankhwala, ndi uyo mukumuona akusenza nkhuni. Nabiyeni anatsiriza mankhwala ake. Mwamuna anakwatiradi wina, iye anabwerera kwa makolo ake, ndipo ndamva kuti makonde a kwawoko asanduka maluwa okhaokha. Anamwino aja akuti chithunzi chawo anachipachika m'nyumba. A Nadzonzi ali moyo, anenepa kuposa pakhomapo. Sitilankhulana kwenikweni, koma chaka chatha mvula itagugula chithunzicho anatuma mawu kuti ndikamakonza ndichepetse pakamwa. Amuna anga anayamba kutsokomola ine ndisanatsirize mapiritsi. Ndinawapempha, ndinawakalipira, ndinawagwadira. Anavomera atalephera kudzuka, ndipo pofika kuchipatala mbali zonse ziwiri zinali mbuu. Tinawaika mu Seputembala.

Ine ndikulima, ndikutunga, chitunda chija ndimakwera osapuma. Lachinayi lililonse masana amayi amabwera pano ndi nthenga zawo, ndipo wofuna abwere, dothi lilipo. Koma wotsokomola kupitirira masabata atatu, wotuluka thukuta pogona, woona chibangili chikutsetsereka, asayambe wabwera kwa ine. Apite kuchipatala miyendo idakali yake, asadikire magazi ngati mmene ndinachitira. Akakanena kuti tikujambulani, vomerani. Duku musavutike kubwereka, mutu sajambula.