Ntchafu ya Nkhuku Patebulo la Apolisi

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, ine ndikusita malaya ku Area 10. Apolisi awiri, kumbuyo kwawo adona. Mlandu wake: makeke, masoseji ndi chokoleti zikutha m'firiji, ndipo wophika ndine.

Wakuba ndinkamudziwa ine. Abwana, odwala shuga, oletsedwa zotsekemera ndi adokotala, ankadyera m'galimoto mobisa. Tsikulo anaima pakhonde, maso pansi, pakamwa potseka.

M'chitolokosi Lachiwiri sindinadye, Lachitatunso sanandipatse. Lachinayi anandiitana. Wapolisi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anamasula tchipisi ndi nkhuku patebulo.

"Agogo, fungo mwalimva? Ingonenani kuti ndinaba, ntchafu iyi ndi yanu."

Ine mayi wakwaya, ine wa mpango woyera, malovu anandipereka. Anadzaza m'kamwa, dzanja n'kunyamuka lokha. Ndinalikhalira dzanjalo. Ndinayamba nyimbo, kuimba ndikumeza, kumeza ndikuimba.

"Imbani, mukhuta nyimbozo."

Anadya yekha mpaka kuswa mafupa.

Lachisanu abwana anabwera, ananong'onezana ndi akuluakulu, chitseko chinatseguka. Pepani sindinamumve, ntchito sindinaionenso.

Kunyumba chakudya chinasanduka dothi. Fungo la tchipisi, nseru. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri. Mdzukulu wanga, namwino, anandikhazika pansi.

"Agogo, mimba ikakhala yopanda kanthu imatumiza uthenga ku ubongo. Fungo likangofika, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa dopamini, timene timati tenga, idya. Ndi timeneto tinanyamula dzanja lanu. Ndi timenenso timawakokera abwana aja ku keke. Kwa inu tsopano, mantha atigoneka timadzito."

"Ndiye ine ndinamangidwa ndi timadzi ta abwana?"

"Timadzito timakoka, agogo."

Kukoka tinawakoka, ee, ndavomera. Nanenso tinandikoka. Koma kutseka pakamwa pakhonde paja, timadzi ayi, anatseka okha.

Mvula inagwa, chimanga chinacha. Ku Old Town, pakati pa maminibasi, mayi wina akuotcha chimanga chachiwisi pambaula. Fungo linandigwira pachitenje. Malovu! Malovu, amayi ine, malovu abwera! Ndinaimba pomwepo, oitanira akuseka kuti agogowa zawazungulira.

Apolisi amati ananditulutsa Lachisanu lija. Bodza. Ine ndinatuluka tsiku la chimanga, pamene dzanja linanyamuka ndipo sindinalikhalire. Ndinadya mpaka chitsononkho, osavomera mlandu wa munthu.