Kristina ndi Kachipewa ka W

Lolemba pa 4 Malichi 2024, 10 koloko m'mawa, mndandanda wa mabuku 4,212 a laibulale ina yaing'ono ya kufupi ndi Chimbiya, m'boma la Dedza, unasamutsidwira mu pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta. Mitu ndi mayina a olemba a mabuku 1,406 zinatuluka zowonongeka.

Amene analemba mndandandawo anali Kristina Chimtengo, mayi wa zaka 28. Anaulemba kwa miyezi khumi ndi inayi, akukopera kuchokera pa makhadi akale ndi zala ziwiri zokha.

Kuwonongekako kunali kotere. Dzina loti Malaŵi, limene pa mabuku ambiri akale limalembedwa ndi w wokhala ndi kachipewa pamutu, linatuluka MalaÅµi. Mawu oti ng'ombe anatuluka ngâ€™ombe. Munthu akafufuza buku la ng'ombe, kompyuta inkayankha kuti palibe, bukulo lili pashelefu pomwepo.

Woyamba kuona zimenezi anali a Damiano, wapampando wa komiti ya laibulale. Bambowa anapuma ntchito ya uphunzitsi atakhala ahedi zaka zambiri, ndipo Kristina anadutsa m'manja mwawo ali ku pulayimale. Tsikulo anabwera ndi anthu atatu a m'komiti kudzaona chinthu chatsopanocho. Katswiri amene anasamutsa mndandanda, a Collins a ku Lilongwe, anali atakwera kale minibasi. A Collinswo anali atangoyang'ana mitu khumi yoyambirira, yonse ya Chingerezi, n'kuona kuti ili bwino.

A Damiano anavala magalasi n'kuweramira pa sikirini.

"Kristina, dziko ili lili kuti? Kuti tikafikeko tikwere minibasi ya kuti?"

Anthu atatu aja anaseka. A Damiano analoza zilembo zachilendozo ndi chala.

"A wosenza kamphika, u wa mchira. Ine ndinakuphunzitsa zilembo zimenezi?"

"Iyayi, ahedi."

Lachitatu pa 6 Malichi komiti inakumana. Chigamulo chinali chachifupi: pofika Loweruka pa 23 Malichi mndandanda ukhale utakonzeka. Zikakanika, ntchito ya pa kompyuta ipita kwa munthu wa satifiketi, ndipo Kristina abwerera ku tsache.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, dziwani kumene mayiyu anachokera. Analemba mayeso a Fomu 4 mu 2014 nalephera. Analembanso mu 2016 nalepheranso. Bambo ake anamwalira chaka chomwecho. Kwa zaka zisanu anagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu pa Chimbiya, akuthamangira basi iliyonse ndowa ili pamutu. Mu 2021 anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa m'laibulale. Popukuta fumbi ankawerenga misana ya mabuku, ndipo patatha chaka ankadziwa pamene buku lililonse lili kuposa wina aliyense. N'chifukwa chake mu Januwale 2023, laibulale italandira kompyuta ndi sola, komiti inamulola kuti ayese kulemba mndandanda. Ena m'komitimo sanagwirizane nazo kuyambira pachiyambi.

Tsopano anali ndi masiku ogwira ntchito khumi ndi anayi.

Anayamba monga mmene aliyense akanayambira: kutsegula buku limodzilimodzi pa kompyuta, kufufuta zilembo zachilendo, kulemba zoyenera. Lachinayi anakonza 38. Lachisanu kunachita chifunga tsiku lonse, sola sinakoke moto wokwanira, ndipo anakonza 22 okha. Anaona yekha kuti njira imeneyi singamufikitse ngakhale pa theka.

Loweruka anaimbira foni a Collins.

"Ah, mayi, zimenezo n'zazing'ono," anatero a Collins. "Chotsani tizipewato tonse. Masiku ano ndani akulemba w wa chipewa? Ndipo tizindikiro ta pa ng' timeneto tichotseninso. Ndikuuzani batani lake, mphindi zisanu zonse zatha."

"Tikachotsa, ng'oma ikhala chiyani?"

"Ikhala ngoma. Anthu amva."

"Ngoma ndi nyama ya m'tchire, bambo. Ya nyanga zopotana. Kuno tili ndi mabuku khumi ndi awiri a ng'oma ndi magule. Mukufuna munthu wofuna za gule ndizimupatsa za mphalapala ndi anzake?"

A Collins anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye inu mwasankha njira yaitali."

"Dzina la buku ndi limene lili pachikuto. Ine ndilibe mphamvu yolisintha."

Lamulungu atachoka ku Misa anapita kudimba kwa mayi ake kukathandiza kukumba kachewere. Mayiwo anali atamva kale nkhaniyo, chifukwa pa Chimbiya ogulitsa anzake akale anali atayamba kumutchula kuti "a Mala-amu," poseka mmene dzina la Malaŵi linatulukira pa kompyuta.

"Ndowa yako ija ndinasunga," anatero mayi ake. "Sikuti ndikukutemberera. Ndikungoti ilipo."

"Isungeni, amayi. Koma musaitsuke kaye."

Lolemba pa 11 Malichi anasiya kukonza. Anatenga kope la sukulu, n'kujambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere ankalemba zimene zinali pa sikirini, kumanja zimene zinali pachikuto cha buku. Anachita zimenezi masiku awiri, ndipo a Damiano atadutsa n'kumuona akulemba m'kope m'malo mogwira kompyuta, anapukusa mutu n'kupitirira.

Pofika Lachiwiri madzulo kopelo linamuonetsa chinthu chimodzi. Zilembo zachilendozo sizinkabwera mwachisawawa. Paliponse pamene panali ŵ panatuluka Åµ, osati china. Paliponse pamene panali kachizindikiro ka pa ng', kamene aphunzitsi a Chichewa amati nkhodolero, panatuluka â€™. Pa mabuku a Chifalansa amene ansembe akale anasiya, é aliyense anasanduka Ã©. Mitu 300 imene anayerekeza, palibe ndi umodzi womwe umene unaphwanya lamulo limeneli.

Anaganiza motere: munthu wotopa amalakwitsa apa mwina, apo mwina. Cholakwa chofanana maulendo 300 si cha zala zake.

Lachitatu anatsegula fayilo yake yoyamba, imene analemba kwa miyezi khumi ndi inayi ija. Kwa sabata yonse ankaopa kuiyang'ana. Malaŵi anali ndi kachipewa kake. Ng'ombe inali ng'ombe. Zilembo zinachoka kwa iye zili bwino. Zinawonongekera pakhomo, polowa mu pulogalamu yatsopano.

Choncho anapita pakhomopo. Pa tsamba lolowetsera mabuku panali kabokosi kakang'ono kamene sanakhudzepo. Atakadina panatsika mayina asanu ndi limodzi, onse a zilembo ndi manambala, ndipo iye sanamve tanthauzo la ngakhale limodzi. Anapanga kafayilo ka mabuku khumi okha, onse a mitu yovuta, n'kuyamba kukalowetsa posankha dzina limodzi ulendo uliwonse. Loyamba linabweretsa zomwe zija. Dzina lachiwiri linabweretsa zoipirapo. Dzina lachitatu linakana fayilo. Chilichonse ankachilemba m'kope, ndipo akatha ankafufuta mabuku khumiwo.

Lachinayi pa 14 Malichi, 11:20 m'mawa, anasankha dzina lachinayi: UTF-8. Mabuku onse khumi analowa bwino.

Anabwereza kawiri ndi mabuku ena kuti atsimikize. Kenaka anaimbira a Collins n'kuwawerengera zimene zinali m'kope.



"Mayi, kabokosi kameneko ndinayenera kusintha ndine," anatero a Collins. "Ndinathamangira minibasi. Pepani. Wakuuzani ndani za UTF-8?"

"Palibe. Ndi chiyani kwenikweni?"

A Collins anafotokoza kuti kompyuta simasunga zilembo, imasunga manambala, ndipo pali matebulo osiyanasiyana onena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Fayilo ya Kristina inalembedwa ndi tebulo limodzi, koma pulogalamu inaiwerenga ndi tebulo lina lakale, limene silidziwa ŵ. Pa zilembo wamba matebulo awiriwo amagwirizana, n'chifukwa chake mitu ya Chingerezi sinavute.

"Ngati kuyeza ndi ndowa yaikulu, wina n'kumawerengera yaing'ono," anatero Kristina.

"Basi. Momwemo. Komiti ndiiuza ndekha."

Lachisanu, a Collins akumutsogolera pa foni, anafufuta mndandanda wonse wowonongeka n'kuulowetsanso. Mitu 1,143 inachira nthawi yomweyo.

Inatsala 263, ndipo iyi inali nkhani ina. M'malo mwa zilembo zachilendo, inali ndi mfunsiro pakati pa mawu: Mala?i, ng?ombe. Mabuku amenewa si Kristina amene anawalemba. Anawakopera kuchokera mu fayilo yakale ya 2010 imene munthu wina wongodzipereka anasiya, ndipo mifunsiroyo inali momwemo kale. Anaiona mu 2023, n'kunena kuti adzakonza pambuyo pake, n'kuiwala. Kumeneku kunali kulakwa kwake, ndipo analemba choncho m'kope. Apa panalibe kabokosi kothandiza. Chilembo chinali chitatayika, ndipo kompyuta sikanachibweza.

Akanatha kungoganizira. Mala?i aliyense amadziwa kuti ndi chiyani. Koma anasankha kutsitsa buku lililonse pashelefu n'kuona chikuto. Anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi, mabuku oposa 40 pa tsiku, akukwera ndi kutsika pa benchi. Zinamuthandiza. Pa mabuku khumi ndi limodzi, mfunsiro sunali ŵ kapena nkhodolero. Wolemba wa 2010 uja ankauika yekha pamene khadi linali lofufutika ndipo sankatha kuwerenga. Dzina lina limene Kristina akanalemba kuti Kaŵale, pachikuto linali Kapale.

Loweruka pa 23 Malichi komiti inabwera. A Damiano anakhala okha pa kompyuta. Analemba ng'ombe: mabuku 19. Analemba ng'oma: mabuku 12. Analemba Malaŵi, Kristina atawaonetsa mmene kachipewa amakaikira: mabuku 402. Anasankha mitu isanu mwachisawawa n'kumuuza kuti abweretse mabukuwo. Yonse inafanana ndi zikuto.

Kenaka anapempha kope lija. Analiwerenga tsamba ndi tsamba, mpaka pamene panalembedwa kuti, "263: kulakwa kwanga."

"A Collins anandiimbira," anatero. "Akuti wolakwa ndi iwo. Nanga apa bwanji ukudzineneza wekha? Tikanadziwa bwanji ife?"

"Mukanadziwa tsiku lina, ahedi. Inu mumaona chilichonse."

"Masamu a kugawa unkathawa iwe, m'kalasi mwanga."

"Ndinkathawa chikwapu, ahedi, osati masamu."

A m'komiti anaseka, ndipo a Damiano anaseka nawo. Anatseka kope n'kulibweza ndi manja awiri.

"Mayi Chimtengo, pitirizani ntchito yanu."

Kuyambira ali mwana, aka kanali koyamba kuti bambowa amutchule choncho.

Lero Kristina ndiye amayang'anira mndandanda wa laibulaleyo. Mu Ogasiti 2024 a Collins anamutuma ku malaibulale awiri a sukulu za m'boma lomwelo amene anakumana ndi vuto lofanana. Konseko anayamba ndi mabuku khumi oyesera asanalowetse ena onse. Satifiketi ya Fomu 4 alibebe. Amati adzalembanso, koma sanatchule chaka.

Inu amene mayeso anakukanani, kapena amene anthu anakusekani pa ntchito imene munaigwira ndi mtima wonse, onani zimene mayiyu anachita. Sanakangane ndi komiti. Sanalole njira yachidule yowononga dzina la buku. Anasiya kuthamanga, anatenga kope, n'kuyang'anitsitsa vutolo mpaka linaonetsa kumene linalowera. Pamene analakwa iye, analemba kuti walakwa. Musafooke, ndipo musathamangire kuvomera kuti wolephera ndinu musanatsegule fayilo yanu yoyamba.

Pa mabuku 263 aja, Kristina anapeza 262. Lotsala ndi nambala 3,087, kabuku ka masamba 24 ka mu 1978 konena za ulimi wa kachewere kumapiri. Kanabwerekedwa mu 2011 ndipo sikanabwerere. Khadi lake linasowa. Dzina la wolemba likhoza kukhala Kaŵala, Kapala kapena Kalala. A Damiano akuti ndi Kaŵala ndithu, angolemba. Kristina wakana mpaka ataona chikuto. Chilengezo chofunafuna kabukuka chinawerengedwa m'tchalitchi kawiri, ndipo palibe amene wabweretsa kabukuko. Mu mndandanda, dzinalo likadali Ka?ala.