Timichira ta Mafayilo

Tsiku limene anamuthamangitsa pa shopu yotayipa ndi kusindikiza zikalata, mayi wina wa ana awiri anatuluka misozi ili mbwembwembwe. Chimwalirireni mwamuna wake, mayiyu ankakolopa m'nyumba za anthu, ndipo ntchito yake yoyamba ya pakompyuta inali itatha asanaizolowere n'komwe.

Chomwe chinamupweteketsa ndi ukhondo. Anaona kuti dzina la fayilo iliyonse likuthera ndi kamchira ka kadontho ndi tizilembo, ina .docx, ina .pdf. Kwa munthu wozolowera tsache, timeneti tinali zinyalala. Anatifufuta tonse, kompyuta ikuchenjeza, iye n'kumangodina. Mafayilo a makasitomala anangoyera mbuu, osatseguka.

"Mayi, mwandiphera bizinesi. Dzipitani," anatero mwini shopu.

Kunyumba chisoni chinamugwira, koma funso linamuvuta kuposa chisonicho: tizilembo tochepa chotere tingaphe bwanji chikalata chathunthu? Anapita kwa mlamu wake amene anali ndi kompyuta yakale yolira ngati chigayo.

"Alamu, mwabwera kudzaphanso yangayi?" anaseka mlamuyo.

"Ndingoyesa chabe. Ikafa mundimange."

Anatayipa mayina a ana ake n'kusunga. Atachotsa kamchira kaja, fayilo inakana kutseguka. Atakabwezera, mawu onse anatulukira ali bwinobwino. Anakuwa mpaka mlamu wake anataya tiyi. Kani zikalata zija sizinafe! Kamchirako ndi kamene kamauza kompyuta pulogalamu yotsegulira fayilo.

Chidwi chinakula. Analemba .pdf pamalo pa .docx, fayilo inakananso. Anafufuza mpaka anapeza kuti mtundu wa fayilo umasankhidwa posunga, pa kabokosi ka m'munsi mwa dzina.

M'mawa mwake anabwerera kushopu.

"Bwana, ndinawononga ndine. Ndiloleni ndikonzenso ndine."

Mwini shopu anamukokera mpando. Mayiyo anayamba fayilo imodziimodzi, kuyesa kamchira aka, kakakana kuyesa kena, mpaka yomaliza inatseguka dzuwa litapendeka.

"Mawa mulawirire," anatero bwanayo. "Mpandowu ndi wanu."

Lero aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito pa shopupo amayamba wakhala pambali pa mayiyu.

Inu amene mwalakwitsa mpaka manyazi akukuletsani kutuluka m'nyumba, musathawe. Funsani kuti chalakwika n'chiyani, yesani, kenako bwererani komweko mukakonze. Mtima usagwe ayi.