Buku lomwe malume a Felizarda anasuta

Ndikukumbukira chaka chomwe tinali mu sesita kalasi, kalasi yachisanu ndi chimodzi, pashikola yathu kufupi ndi Furancungo, pamene kunabwera bokosi la mabuku a nthano. Linafika pa njinga yamoto litafiira ndi fumbi. A profesora athu, mayi Amélia, atalitsegula, m'kalasi monse munamveka kafungo ka mapepala atsopano kosakanikirana ndi ka sopo, poti bokosilo kale linali la sopo. Anati aliyense azitenga buku, akawerenge kunyumba, ndipo Lachisanu aziimirira kutsogolo n'kutiuza m'Chipwitikizi ngati bukulo n'lokoma kapena ayi, ndi chifukwa chake. Koma buku limodzi likangong'ambika, bokosi lonse libwerera ku distritu.

Mnzanga Felizarda, kamtsikana kakafupi kolongolola, anatenga lachikuto chobiriwira. Inali nkhani ya mtsikana amene anabisala m'galimoto yonyamula thonje, kupita ku Beira kukafuna bambo ake. Inali nyengo yosankha fodya, ndiye Felizarda analisomeka padenga la chigafa n'kupita kumadzi. Pobwera anapeza malume ake, a Zakeyo, ali khale pachitsa, akufuka ndudu yonenepa ya chingambwe, ina ataipanira kukhutu. Masamba omaliza a buku anali atapita, malumewo atakulungira fodya. Nkhani inathera pomwe mtsikana uja akugogoda pachitseko cha nyumba ina ku Beira.

Lachisanu Felizarda anaimirira osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anati bukulo n'lokoma kuposa nzimbe, ndipo amene anatsegula chitseko anali bambo ake a mtsikanayo, atavala chipewa cha woyendetsa sitima, moti anamubweza kwawo akuliza huta njira yonse. Tinawomba m'manja mpaka kuwawa. Aliyense analifuna bukulo, koma linagwera Domingos, mnyamata wokonda kunenera anzake. Lolemba pa nthawi yopuma, ataona kuti mapeto mulibe, anatipeza pansi pa mango, maso ali tong'o. Asanatsegule pakamwa, Felizarda anamufunsa, "Ukufuna bokosi lipite chifukwa cha iwe?" Lachisanu lake Domingos anatiuza kuti anatsegula chitseko anali mayi wopeza, mthiko uli m'manja.

Kenako linafika kwa ine. Ndinati m'nyumbamo munalibe munthu, munali galu wokalamba amene anamuzindikira mtsikanayo ndi fungo, n'kumutsogolera kumanda. Chipwitikizi chinandithera panjira, ndinamalizira m'Chichewa, ndipo atsikana akumbuyo analira zenizeni.

Masabata onsewa a profesora ankangogwira chibwano n'kunena kuti, "Muito bem," kutanthauza kuti zili bwino kwambiri. Koma tsiku langali anatambasula dzanja. "Ana inu, bukuli n'lodabwitsa. Bambo yemweyo ndi woyendetsa sitima, ndi wa mkazi wina, ndi malemu. Bweretsani ndilione." Felizarda anaulula zonse, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anauzidwa kuti Lolemba abwere ndi malume akewo.

A Zakeyo anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. A profesora anawaimika kutsogolo, pomwe tinkaima ife. "Poti mapeto a nkhaniyi ali m'chifuwa mwanu, bambo, tiuzeni. Bukuli n'lokoma?"

A Zakeyo anayankha nkhope ili ndwii ngati munthu amene wafunsidwa mlandu waukulu. "Senhora professora, poyamba limakoma ndithu. Koma chakumapetoku limatsokomoletsa."

Tinagwa m'mabenchi ndi kuseka. A profesora anatembenukira kubolodi ngati akufuna kulemba kanthu, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo choko sichinalembe chilichonse.

Bokosi silinapite. Chilango chathu chinali kulemba mapeto athu aja m'Chipwitikizi chopanda cholakwa, n'kuwasokerera m'buku ndi ulusi womangira fodya. A Zakeyo anatikhomera shelefu ya nsungwi, yotalika mwakuti munthu wofuna pepala la ndudu akanafunika makwerero. Buku lobiriwira lija linanenepa, ndipo ndi lomwe tinkalimbirana kwambiri. Woliwerenga ankayenera kunena mapeto omwe wawakonda, ndipo mkangano wake unkatiperekeza mpaka kumtsinje, nthawi zina mpaka kuthyolerana mabatani.

Lero ana anga amawerenga pafoni. Ndikawafunsa kuti nkhaniyo inali bwanji, amangokweza chala chachikulu, maso osachoka pagalasi. Palibe woti akangane naye, palibenso malume angasute foni. Felizarda pano ndi namwino ku Tsangano. Tsiku lina ndinapita ndi mwana wanga wotsiriza kukabayitsa jakisoni, akulira kuyambira pachipata. Felizarda anamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti singano za chaka chino akuzipanga ndi nthenga za anapiye, moti ambiri akumabwerera kudzapempha yachiwiri. Mwana anatonthola n'kupereka mkono. Inenso, ndi imvi zangazi, ndinadzipeza ndikupinda malaya.