Zimene Aphunzitsi Ankalemba za Mwana Wanga

Aphunzitsi aja sindinawakhulupirire kuyambira tsiku limene anachotsa mwana wanga kumbuyo n'kumukhazika kutsogolo, pafupi ndi khomo. Mwanayo ndi wamkazi, wachitatu mwa ana anga, ndipo chaka chimenecho anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akubwereza kalasi yachiwiri. Salankhula kwambiri. Phokoso limamupweteka ngati dzino, moti chinthu chikalira mwadzidzidzi amatseka makutu, nthawi zina n'kudzigwetsa pansi akulira. Aphunzitsi akale ankangomusiya kumbuyo, iye n'kumasanja timiyala pansi mpaka kuweruka. Ndinene zoona, ine zimenezo zinkandikomera, chifukwa kwathu kuno mwana akangotchedwa wamisala, dzinalo amakula nalo.

Kenako kunabwera mayi ameneyu. Tinamva kuti akuphunziranso maphunziro apamwamba amene amati mesitiradu, ndipo Loweruka lililonse ankakwera minibasi, imene kuno timati shapa, pa Domwe kupita ku Ulongwe, chikwama chili chodzaza mapepala. Ndinadabwa nazo. Munthu ntchito ali nayo, banja ali nalo, akufunanso chiyani? Nditamva kuti zimene akuphunzirazo ndi za ana amene mitu yawo imagwira ntchito mosiyana ndi anzawo, ndinadziwiratu kuti nkhaniyi ithera pakhomo panga.

Sizinachedwe. Ana a mnansi wanga, amene anali m'kalasi yomweyo, anandiuza kuti aphunzitsi ali ndi kadeno wakuda, kope lolembamo, amene salembamo za munthu wina aliyense koma mwana wanga yekha. Mwana wanga akatseka makutu, amalemba. Akakana kuimba, amalemba. Akaseka yekha, amalembanso. Ine mapepala ndimawadziwa. Pepala likachoka m'manja mwa mphunzitsi limapita kwa adilekitolo, mkulu wa sukulu, kuchoka apo ku Tete, ndipo limabwerera lili ndi chidindo chonena kuti mwana uyu si wa sukulu ino. Mnzanga wina amene timagulitsa naye mbatatesi pamsika anandiuza mosabisa kuti mayiyo akufuna kukwerera pamsana pa mwana wanga, apate digiri yake azipita kutauni, ife n'kutsala ndi manyazi. Sindinatsutse. Tinagwirizana ndi bambo a mwanayo kuti sukulu ikatsekera, asabwererekonso. Azikhala ndi ine n'kumasankha mbatatesi, ntchito imene palibe amene amamuposa pabanja pathu.

Kutatsala milungu iwiri kuti atsekere, aphunzitsiwo anatulukira pakhomo Lachisanu masana. Anatipeza pabwalo tili pakati pa milu ya mbatatesi, mwanayo akupatula zazikulu, zapakati ndi zambewu. Ndinawayalira mphasa chifukwa mlendo sathamangitsidwa, koma mtima wanga sunawayalire chilichonse. Mwanayo anabwera, anagwada, anawapatsa moni maso ali pansi monga ndinamuphunzitsira, n'kubwerera ku ntchito yake.

"Mayi, ndabwera ndi papelo," anatero aphunzitsiwo. "Kumaphunziro kwanga salola kuti ndilembe za mwana makolo asanavomere. Mukalola, muasinari apa, mulembe dzina lanu. Koma poyamba ndili ndi mafunso pang'ono."

"Kulembako munayamba kale," ndinatero. "Chilolezo mukuchifuna lero?"

Ananena kuti pamenepo analakwitsa, anayenera kubwera kale. Kuvomera msanga kumeneko kunandikayikitsa kwambiri, chifukwa munthu wofuna kanthu savuta kupepesa. Anatulutsa pepala lina n'kuwerenga funso loyamba, akulimasulira kuchokera m'Chipwitikizi: kodi mwanayu amakuyang'anani m'maso mukamalankhula naye?

Apa ndinaseka, koma kuseka kwa mkwiyo. "Apulofesora, inu munakulira kuti? Mwana wanga andiyang'ane m'maso? Inuyo mayi anu munkawatong'olera maso akamakulankhulani? Ngati kuyang'ana pansi ndi matenda, ndiye kalembeni ana onse a m'dera lino, muyambire a adilekitolo anu. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuphunzitsa ulemu, inu mwabwera kudzautcha chilema."

Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena ayamba kundiphunzitsa. M'malo mwake anatenga cholembera n'kukhwatcha funsolo ine ndikuona. Anati mafunsowo analembedwa ndi anthu akutali, kumene ana amaleredwa mwa njira ina, ndipo iwo anakangana kale ndi mphunzitsi wawo pa funso lomwelo. Ntchito imene akulemba, anatero, ndi yofuna kupeza mafunso oyenera ana akuno, ndipo amene angawadziwe ndi azimayi ngati ine. "Inuyo mundiuze zimene mumaona," anatero.

Zimene ndimaona ndinali nazo zambiri. Ndinkadziwa kuti mwanayo sayang'ana ngakhale anzake a msinkhu wake, ngakhale khanda la mng'ono wanga. Ndinkadziwa kuti ulemu ndinaupeza ngati chitenje chofunditsira zimene zinalipo kale. Koma sindinanene. Ndinaona ngati ndi msampha wina, wochenjera kuposa woyamba uja: andikhwatchire funso limodzi kuti ine ndimasuke n'kuulula zonse ndekha.

"Ndipatseni kadeno uja," ndinatero. "Ndione zimene mwamunenera."

Ndinkaganiza kuti anena kuti anauiwala kusukulu. Anautulutsa m'chikwama n'kundipatsa. Chipwitikizi changa ndi cha kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndimawerenga pang'onopang'ono chala chili pamzere, ndipo iwo sanandifulumize. Dzina la mwana wanga munalibe. Ndinafufuza mawu oti misala, sindinawapeze. Zimene ndinapeza zinali za iwo eni. Tsiku lina analemba kuti anaombetsa ana m'manja osamuchenjeza, mwanayo analira, ndipo wolakwa anali iwo. Pena analemba kuti anamukhazika pakhomo kuti phokoso likachuluka azituluka yekha osapempha. Penanso kuti masamu amakhoza akawerengera ndi miyala, koma akamufunsa pagulu amauma.

Ndiye ndinafika pa tsamba limene linkanena za ine.

Kusukulu kwathu kulibe belu. Anapachika limu ya galimoto pamtengo, ndipo m'mawa mwana wamkulu amaimenya ndi chitsulo mpaka kumveka kudimba. Tsiku loyamba limene mwana wanga anaimva ali pafupi, anakuwa, anadzikanda kumaso, ndipo ana onse anamuzungulira kumuseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamuperekeza ndekha, n'kumaima naye kuseri kwa munda wa chimanga, kutali ndithu, mpaka chitsulocho chitatha kulira. Tikatero ndiye n'kumulowetsa. Kwa zaka zitatu mwanayo anali wochedwa tsiku lililonse. Aphunzitsi akale ankanditumizira mawu oti ndine mayi waulesi. Apongozi anga ankanena pamaso pa anthu kuti ndimagona mpaka dzuwa kuwawa. Sindinauzepo munthu chifukwa chake, ngakhale bambo ake, poopa kuti ndikafotokoza ndiye kuti ndavomereza.

Aphunzitsiwo analemba kuti mwezi woyamba nawonso ankandiyesa wosasamala, ndipo anali atakonza zokandinenera kwa adilekitolo. Kenako anaona kuti sitichedwa mwachisawawa, timalowa nthawi yofanana tsiku lililonse, chitsulo chikangosiya. M'mawa wina anatuluka n'kutiona titaima kumunda kuja, ine nditagwira makutu a mwanayo ndi manja anga. Pansi pake analemba kuti, "Mayiyu anazidziwa kale zimene ine ndikulipirira shapa kukaphunzira."

Ndinatseka kadeno uja. Ndinachita manyazi, ndinakwiyanso kuti munthu anandiona ine osadziwa, koma chachikulu ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo kwa zaka zitatu. Misozi inali pafupi, choncho ndinadzuka n'kukayamba kuthira mbatatesi m'thumba, zimene mwanayo sanakondwe nazo chifukwa ndinasakaniza milu yake.

Papelo uja sindinasayine tsiku limenelo. Ndinawauza kuti zolemba ndi zolemba, munthu akhoza kulemba zokoma podziwa kuti zidzawerengedwa. Iwo anangopempha chinthu chimodzi, kuti Lolemba ndibwere naye nthawi yabwino, chitsulo chisanalire.

Lolembalo ndinapita naye. Ndinaima kuseri kwa chipupa cha kalasi, nditakonzeka kumunyamula n'kuchoka osabwereranso. Aphunzitsi aja anatuluka, anagwada pafupi naye osamukhudza, n'kumuonetsa mwana wamkulu uja atanyamula chitsulo. Ndinawamva akuti, "Chilira katatu basi. Tseka makutu, tiwerenge limodzi." Mwana wanga anatseka makutu ake yekha. Chinalira katatu, osati kambirimbiri ngati kale. Iye anatsinzina, mapewa ananjenjemera, kenako anatsitsa manja n'kukaima pamzere ndi anzake, koyamba chiyambireni sukulu.

Ine ndinatsala kuseri kwa chipupa kuja, manja anga ali m'mwamba pang'ono monga ndinazolowera, popanda makutu oti ndigwire. Nditawatsitsa ndinakagogoda pakhomo la kalasi n'kupempha cholembera.