Tawonga Anatsala ku Hewe

Fungo la nsimbi ya makala ikamadutsa pa nsalu yonyowa limandibwezera ku Mhuju, m'nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhala kuseri kwa sukulu. Inali nyengo yotentha, mango asanapse, fumbi la pamsewu likulowa mpaka m'makapu. Amama anasita zovala mwezi wathunthu. Ankasita, kupinda, kulonga m'sutikesi, mawa lake n'kutulutsanso.

Adada anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Pakhomo tinatsala atatu: amama, ine Temwa wa zaka khumi, ndi mkulu wanga Tawonga, amene ankandiposa ndi chaka chimodzi chokha. Amama ankaphunzitsa masamu, ndipo kudzera kutchalitchi anapeza ntchito pa chilumba china chakutali, pakati pa nyanja yamchere. Pa mapu a m'kalasi chinali kadontho koti Tawonga ankakaphimba ndi nsonga ya pensulo. Tinamva kuti kumeneko chimanga kulibe, anthu amadya nsomba ndi kokonati, ndipo sitima yobweretsa katundu imafika mwa apo ndi apo. Ife tinkangoseka. Tikaweruka tinkapita kumtsinje kukaphunzira kusambira, m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, mimba zikukhuzika pamchenga.

Katundu anayamba kuchoka m'nyumba. Njinga ya adada inapita kwa mkulu wa mpingo, nkhuku zinapita kwa aneba, kabati anaikweza pangolo. Pakhoma panatsala misomali yokha.

Tsiku lina amama anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi envelopu yakhaki, maso ali ofiira ndi fumbi. Munali mapasipoti awiri. Nditafunsa za yachitatu anati ikubwera. Loweruka lotsatira, pasiteji panatsika mayi wina wamtali, wa zidendene zong'aluka, atanyamula nthochi m'dengu. Amama anati timupatse moni, ndi azakhali ake a Tawonga ochokera ku Hewe. Ndinadabwa kuti bwanji a Tawonga yekha.

Zonse ndinazimva ndikutsuka mbale kuseri kwa khichini, amama akukambirana ndi azakhali aja. Tawonga sanabadwe mwa amama. Anali mwana wa mng'ono wawo, amene anamwalira iye ali wakhanda. Akuchilumbako anali atalola mwana wobereka yekha, ndipo amama anayenda m'maofesi katatu osaphula kanthu. Azakhali aja anati kwawo mwanayo sadzagona ndi njala, koma za sukulu sangalonjeze, chifukwa ili patali ndipo kunazale ya fodya kukufunika anthu othirira.

Amama anamuuza Tawonga masana omwewo pakhonde. Sanalire. Anayang'ana zala zake zakumapazi kwa kanthawi, kenako anafunsa, "Ndiye wanu ndi Temwa yekha?"

"Nonse ndinu anga," anatero amama. "Ndikakhazikika ndidzakutenga."

Mawa lake Tawonga anatulutsa madiresi ake m'sutikesi, osita bwino aja, n'kuwamanga m'chitenje. Nsapato zatsopano zimene anamugulira za ulendo anazivala, ngakhale zinkamuluma. Tinawaperekeza pasiteji dzuwa likuswa mtengo. Iye anakhala pawindo la minibasi, chitenjecho pamiyendo, maso kutsogolo. Ndinamuitana kawiri koma sanacheuke.

Pachilumbapo tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Usana ndi usiku kunkamveka mkokomo wa mafunde, mchere unkadya malata ndi zipi za zovala, ndipo kulikonse kumene ndinkalowera ndinkathera pamadzi. Makalata ankatenga miyezi. Yoyamba analemba Tawonga mwini, kufunsa ngati mapepala atheka. Yachiwiri anafunsanso zomwezo. Otsatira ankalembedwa ndi azakhali ake: wasiya sukulu, kenako wakwatiwa.

Titabwerako tinapita ku Hewe. Tinamupeza akusoka fodya m'chigafa, mwana kumbuyo, wina atamugwira chitenje. Anatiyalira mkeka, n'kugwada chapatali. Amama atamupatsa nsalu imene anamugulira, analandira ndi manja awiri n'kuthokoza kuti, "Yewo chomene, aphunzitsi."

Ndili mwana ndinkaimba mlandu mapepala, chifukwa ndi zimene ndinkamva akuluakulu akunena, kuti lamulo ndi limene linatilekanitsa. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti ntchito ija inali yoti munthu akanatha kuikana. Amama ankadziwanso. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, nkhaniyi sitinaikambepo.