Mayendedwe a aNdante

Mukafika pa siteji ya kabaza pa Balaka n'kufunsa a Blasius, anyamata angokuyang'anani. Koma mukati aNdante, aliyense akulozerani bambo wamtali wa imvi, amene amapalasa njinga ngati wanyamula mazira.

Dzinali analitola ali mnyamata. Anachoka kwawo ku Utale kudzagwira ntchito yosesa pa parishi ina m'tauni muno, ndipo m'holo ya parishiyo munali piyano yakale imene wansembe wina wa ku Italy anabwera nayo. Wansembeyo ataona kuti tsache likuchedwa dala pafupi ndi piyano, anayamba kumuphunzitsa wosesayo. Pamwamba pa pepala la nyimbo yoyamba, nyimbo ya azungu akale yopanda mawu, panalembedwa kuti Andante.

"Bambo, kodi aNdante amenewa akadali moyo?" anafunsa Blasius.

Wansembe anaseka mpaka kutsokomola. Anati si munthu ayi, ndi liwu la kwawo louza woimba liwiro lake: imba monga munthu akuyenda.

"Akuyendayo ndani, bambo? Wothamangira sitima kapena wochokera kumaliro?"

"Ameneyo udzamupeza wekha."

Anamupezadi. Anali Bernadetta wa ku Nsanama, wogulitsa tomato, mkazi woyenda ngati msika ukutsekedwa. Atakwatirana, nyimbo ija inayamba kuthamanga m'manja mwa a Blasius, mpaka wansembe ankagwira mutu. Zaka zinapita, wansembe anabwerera kwawo, tchalitchi chinagula kiyibodi, piyano inatsala m'holo makiyi ena atafa. A Blasius ankapalasa kabaza mkati mwa sabata, Lamulungu n'kumaimbira kwaya.

Chaka chatha a Bernadetta anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere unalemera. Anadzuka, koma ndi ndodo. Ndiye pamene mwana wawo Jacqueline anati akumanga ukwati woyera, mayiwo ananena chinthu chimodzi chokha: adzamuperekeza mwana wawo kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, ndi miyendo yawo.

Vuto linabuka tsiku lokonzekera. Clever, mtsogoleri wa kwaya, mnyamata wabwino mtima koma wa magazi otentha, anali ataphunzitsa kale operekeza akwati masitepe a ng'oma za mu kiyibodi.

"Madala, uwu ndi ukwati, si maliro," anatero Clever kwa a Blasius. "Amayi tidzawakhazike kutsogolo anthu asanalowe. Akagwa pakati pa tchalitchi, mafoni onse aja akujambula?"

"Iwe Clever, ndinakunyamula uli ndi mamina," anayankha a Bernadetta ali pa benchi. "Lero ukufuna undikhazike ngati thumba la chimanga?"

"Iyayi amayi, ine ndikungoti..."

"Ukungoti chiyani?"

A Blasius sanalowerere. Mumtima ankadziwa kuti mnyamatayo sakunama, mkazi wawo akhoza kugwadi. Koma ankadziwanso kuti akawakhazika pansi tsiku limenelo, sadzafunanso kutuluka m'nyumba. Anangoti, "Ng'oma za mu kiyibodi sizidikira munthu. Polowa mundisiyire piyano. Potuluka muvine mpaka fumbi."

Clever anakanda mutu, n'kuvomera mokayika.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanatulutse njinga, a Blasius ankaperekeza akazi awo mpaka pa mjigo, akuwatsata pambuyo, khutu lili tcheru. Ndodo, go! Phazi labwino, pha! Kenaka mwendo wolemera uja, khwee, n'kupuma pang'ono. Madzulo ankapita kuholo kukaika kupuma kumeneko m'nyimbo. Pa pepala panalibe kupuma kotero, koma pepala silinawaonepo a Bernadetta.

"Mukunditsatiranji ngati mbuzi?" ankatero mayiwo.

"Ndikuphunzira nyimbo."

"Misala yanu ija yayambanso."

Tsiku la ukwati, anzawo a kabaza anaisenza piyano kuchoka kuholo, akudandaula kuti aNdante asungamo njerwa. Anthu anadzaza. Pakhomo panaima Jacqueline mu diresi yoyera, dzanja lake lili m'khwapa mwa mayi ake.

A Blasius sanayang'ane pepala. Maso anali pa ndodo. Itagunda pansi, anayamba. Nyimbo inayenda, n'kudikira, n'kuyendanso. Operekeza akwati anasokonezeka, mtsikana wina anaponda mnzake, koma Clever anawakodola kuti atsate mayendedwe a amayi, iye mwini akugwedeza phewa pang'onopang'ono. Pakati pa tchalitchi a Bernadetta anaima. Mitima inali m'mwamba. A Blasius anagwira kiyi imodzi, osaisiya, thukuta likutsika m'khosi, kulira kwa kiyiyo kukuzilala, kukuzilala. Kusanatheretu, mwendo uja unakoka, khwee, ndipo dzanja la a Blasius linagwera pa kiyi yotsatira. Mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira, nthungululu inaphulika.

Atafika kuguwa, a Bernadetta anampereka mwana kwa mkwati, n'kukhala pa benchi yoyandikana ndi piyano, akupumira m'mwamba. Anawerama pang'ono n'kuwanong'oneza amuna awo:

"ANdante, mumachedwetsa. Ine ndimangodikira inu."